Momwe mungatetezere makina oziziritsa m'nyumba ku fumbi la chilimwe

Kuyambira mwezi wa Ogasiti mpaka mvula yoyamba itagwa, nthaka imauma gwa, ndipo mphepo, akamvuluvulu ndi galimoto zodutsa m'misewu yadothi zimadzaza fumbi m'nyumba zathu. Nyengo yomweyi ndi imene anthu a ku Nsanje, Chikwawa, Salima, Mangochi ndi Karonga, ngakhalenso a ku Lilongwe ndi Blantyre, amadalira kwambiri makina oziziritsa m'nyumba, omwe ambiri amawatchula kuti eyakoni. Makinawa akayamba kufooka, anthu amafulumira kunena kuti gasi watha, chikhalirecho gasiyo amangozungulira m'mapaipi otsekeka ndipo sachepa pokhapokha ngati penapake pabooka. Kawirikawiri cholakwika chimakhala fumbi.

Mbali ya makina imene ili m'chipinda imakoka mpweya wotentha n'kuudutsitsa pa sefa, kenako pa timapaipi tozizira, pamene mbali ya panja imataya kutenthako. Sefa ikatsekeka, mpweya umadutsa wochepa, timapaipi tija timatha kugwira madzi oundana, ndipo kompuresa, yomwe ndi chipangizo chodula kwambiri pa makina onsewa, imagwira ntchito nthawi yaitali isanapume. Mayunitsi a magetsi amatha msanga, ndipo makina oyenera kukutumikirani zaka 10 kapena 15 amafa asanafike pamenepo. Unduna woona za mphamvu ku America umati kusintha sefa yakuda kumachepetsa magetsi amene makinawa amadya ndi maperesenti 5 mpaka 15.

Pofuna kuchotsa fumbili, choyamba zimitsani makinawo ndi rimoti, kenako zimitsaninso pa switchi ya pakhoma. Musanyozere zimenezi, chifukwa mukhala mukugwira madzi pafupi ndi mawaya a magetsi.

Mukatero, kwezani chivundikiro cha kutsogolo kwa mbali ya m'chipinda n'kusolola masefa, omwe nthawi zambiri amakhala awiri. Kawagwedezereni panja, osati m'chipinda momwemo, ndipo muwatsuke ndi madzi ozizira kapena ofunda pang'ono osapitirira madigiri 40, pothira madziwo kuchokera kumbali yoyera kuti fumbi litulukire komwe linalowera. Ngati makinawo ali pafupi ndi khitchini, fumbi limamatirira chifukwa cha utsi wa mafuta, choncho onjezerani sopo wotsukira mbale pang'ono. Yanikani masefawo pamthunzi, pakuti dzuwa la Okutobala limapinda pulasitiki, ndipo musawabwezere asanaumitsitse, chifukwa chinyezi chimabala nkhungu yomwe imanunkhitsa chipinda ndi kuvutitsa anthu a mphumu. M'nyengo ya fumbi chitani zimenezi milungu iwiri iliyonse, ndipo amene nyumba zawo zili m'mphepete mwa msewu wadothi angachite bwino kuyang'ana masefa mlungu ndi mlungu.

Masefa akuuma, yang'anani tizitsulo topyapyala tomwe tili kumbuyo kwake. Tipukuteni ndi burashi yofewa motsata mizere yake, kuchokera pamwamba kutsika pansi, chifukwa tikapindika timatseka njira ya mpweya mofanana ndi fumbi lomwelo. Onaninso paipi yotulutsa madzi panja. Makina akamayenda kunja kuli chinyezi, paipiyi iyenera kumadontha. Ikatsekeka ndi matope a fumbi, madzi amabwerera n'kumayenderera pakhoma la m'chipinda.

Mbali ya panja ndi imene ambiri amaiwala, pamene ndi yomwe imameza fumbi lonse la pabwalo, makamaka m'mawa anthu akamasesa. Ndi bwino kuwaza madzi pansi musanasese pafupi nayo, ndiponso kusatenthera zinyalala kumene utsi ndi phulusa zingaulukireko. Chotsani masamba, udzu, maukonde a kangaude ndi zisa za mavu, ndipo musiye mpata wa masentimita pafupifupi 60 wopanda katundu kapena maluwa. Tsukani tizitsulo ta kumbuyo ndi madzi oyenda pang'onopang'ono, osati makina otsukira galimoto aja, ndipo madzi asafike pa kabokosi ka mawaya. Dikirani kuti paume musanayatsenso.

Zina zonse musiyire mmisiri, yemwe ayenera kubwera kamodzi pachaka, makamaka mu Julaye kapena Ogasiti kutentha kusanafike pachimake. Iye ndi amene angatsuke fani ya mkati, kutsegula kabokosi ka magetsi momwe analimata amakonda kubisala n'kupsereza mawaya, ndi kuyeza gasi. Akakuuzani kuti gasi wachepa, mupempheni kuti apeze kaye pomwe pakutayikira n'kupamata asanathire wina, apo ayi mudzamuitananso pakangopita miyezi yochepa.