Mmene ndinathetsera nthunzi m'magalasi osambirira

Kwa anzanga a ku Chipata amene mukukonzekera ulendo wa ku chilumba cha Likoma: magalasi anga atsopano oonera pansi pa madzi ankachita nthunzi mkati, moti nsomba zotchedwa mbuna zosambira m'miyala sindinkaziona bwino. Kutsuka ndi madzi ngakhale kupaka malovu sikunathandize, chifukwa galasi latsopano limabwera ndi timafuta ta silikoni tochokera ku fakitale.

Ndinapaka mankhwala oyera otsukira mano mkati mwa galasi louma, n'kutikita ndi chala kwa mphindi zingapo, makamaka m'mphepete momwe timafutato timakanirira, kenako ndinatsukuluza ndi kubwerezanso. Musatero ngati galasilo ndi la pulasitiki, chifukwa limakandika. Ndisanalowe m'madzi ndinkapakamo kadontho ka shampu ya ana n'kutsukuluza pang'ono. Pothetsa nthunziyi, shampuyo ndi chinthu chokhacho chimene ndinagula.