Maganizo akakukolani: zoyenera kuchita pang'onopang'ono

Munthu amene anapulumuka matope a namondwe wa Freddy ku Chilobwe kapena ku Phalombe mu Malichi 2023 akhoza kumadzidzimukabe mvula ikangoyamba kugunda pamalata. Wina chikumusowetsa tulo ndi katapila, wina maliro otsatizana, wina nkhanza za m'banja. Achibale amati "ingoiwalani, limbani mtima". Amanena mwachikondi, koma maganizo mukamawathamangitsa ndi pamene amabwerera mwamphamvu.

Njira ili m'munsiyi yachokera ku chithandizo cha maganizo chotchedwa ACT (Acceptance and Commitment Therapy), chimene anayambitsa katswiri wa zamaganizo wa ku America, Steven Hayes, m'zaka za m'ma 1980. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linakonza maphunziro potengera njirayi, anayesedwa pa amayi othawa nkhondo a ku South Sudan okhala ku Uganda, ndipo mu 2020 linatulutsa kabuku kazithunzi. Njirayi siichotsa zimene zinachitika. Imathandiza kuti zowawazo zileke kukulamulani.

1. Bwererani pomwe muli. Mtima ukayamba kuthamanga, pondani pansi mwamphamvu, mumve nthaka kumapazi. Tulutsani mpweya wonse pang'onopang'ono, kenaka mulole ulowe wokha. Tchulani zinthu zisanu zimene mukuona, zinayi zimene mukumva m'makutu, ndi fungo lililonse lomwe lilipo, kaya utsi wa mbaula. Musatsinzine ngati kutsinzina kukubweretserani zithunzi za tsiku loopsalo. Izi n'zofunika kwambiri kwa amene anakumana ndi zoopsa: kutchera khutu ku mpweya kukakuwonjezerani mantha, kusiyeni, yang'anani zakunja.

2. Litchuleni ganizolo. Ganizo limakola ngati mbedza, n'kukukokerani kutali ndi mwana amene akukulankhulani. M'malo monena kuti "ndine wolephera", nenani chamumtima kuti "labwera ganizo lakuti ndine wolephera". Musatsutsane nalo. Kungolitchula kumakukumbutsani kuti ganizo ndi ganizo, si chigamulo.

3. Mvetserani thupi. Ululu uli pati, pachifuwa kapena pakhosi? Ikani dzanja pamenepo, pumani, muulole ukhalepo kwa kanthawi.

4. Dzifunseni kuti mukufuna kukhala munthu wotani. Apa ndiye pagona nkhani, ndipo ambiri amapadumpha. Kumanganso nyumba ndi cholinga: chikhoza kutheka kapena kukanika. Kukhala kholo loleza mtima, mnansi wothandiza, munthu wachilungamo pamalonda, amenewo ndi makhalidwe, ndipo mukhoza kuwasonyeza lero lomwe ngakhale m'thumba mulibe kanthu. Sankhani awiri kapena atatu ochokera mumtima mwanu, osati amene apongozi kapena anzanu akufuna.

5. Chitani kanthu kakang'ono kogwirizana nawo. Imbirani mlongo wanu amene mwakhala mukumuzemba. Khalani ndi ana pamkeka mphindi khumi, foni ili m'thumba. Musadikire kuti mtima uyambe wakhala pansi, chifukwa kudikirako n'kumene kumatsekera anthu m'nyumba miyezi.

Yeserani masitepe awiri oyambawo tsiku lililonse pamene zinthu zili bwino, potsuka mbale kapena podikira minibasi, kuti pa nthawi yovuta thupi likhale litazolowera.

Ngati maloto oopsa sakutha, mowa wayamba kuchuluka, kapena mukulephera kugwira ntchito, pitani kuchipatala cha boma cha m'boma lanu mukafunse ogwira ntchito zamaganizo. Kulinso chipatala cha Zomba Mental ndi St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Maganizo ofuna kudzipha akabwera, uzani munthu amene mumamukhulupirira lero lomwe, akuperekezeni kuchipatala.