Kuyeza madzi a pa mjigo musanayambe kuthirira mbewu ku Johannesburg

Amalawi ambiri amene amalima masamba ogulitsa pa mapuloti a m'mphepete mwa Johannesburg amadalira madzi a pansi panthaka, chifukwa kuyambira mu Meyi mpaka Seputembala mvula kuno imasowa, ndipo madzi a khonsolo ndi okwera mtengo. Vuto ndi lakuti madzi a pa mjigo atha kuoneka oyera bwino koma ali ndi mchere umene umaononga nthaka pang'onopang'ono. Amene anakulira ku Chikwawa kapena ku Nsanje mijigo yotere amaidziwa, kungoti mchere wokwanira kufooketsa nyemba nthawi zambiri sumveka pa lilime.

Yambani ndi kufufuza mbiri ya malowo. Ngati puloti ili pafupi ndi migodi yakale ya golide, makamaka cha ku Krugersdorp ndi Randfontein kumene madzi a asidi ochokera m'migodi anayamba kutulukira pamtunda mu 2002, uzani a labotale kuti ayezenso sulphate ndi zitsulo monga manganese ndi uranium. Kumadera a miyala ya dolomite, monga Westonaria ndi Carletonville, kupopa madzi mopyola muyeso kutha kuchititsa kuti nthaka igumukire pansi, choncho funsani a Council for Geoscience, bungwe la boma loona za miyala ndi nthaka, musanakumbe.

Katengedwe ka madzi okayezetsa ndi kofunika kwambiri, ndipo apa ndi pamene ambiri amataya ndalama. Musatenge madzi a mu thanki kapena amene agona m'mapaipi. Yatsani pampu, madzi atuluke kwa kanthawi ndithu kuti amene anali m'dzenje achoke, kenako tsukani botolo la pulasitiki katatu ndi madzi omwewo, mulidzaze mpaka pakamwa, mutseke, mulembepo tsiku ndi malo. Liikeni pozizira ndipo mulipereke tsiku lomwelo ku labotale yovomerezeka ndi SANAS, bungwe limene limavomereza malabotale ku South Africa. Botolo la zakumwa zotsekemera silabwino ngakhale mutalitsuka. Poyezetsa tizilombo ta E. coli, zimene n'zofunika ngati mumalima letesi kapena ngati pali chimbudzi chokumba pafupi, botolo lake limachokera ku labotale komweko.

Zotsatira zikabwera, yang'anani kaye EC, umene ndi muyeso wa mchere wonse. Malangizo a boma la South Africa a mu 1996 okhudza madzi othirira amati madzi amene EC yake siipitirira 40 mS/m ndi abwino ku mbewu zonse, ndipo pH, muyeso wa asidi m'madzi, iyenera kukhala pakati pa 6.5 ndi 8.4. EC ikakwera, nyemba, anyezi ndi karoti zimayamba kufooka, tomato ndi kabichi amapirira pang'ono, pamene beetroot amapirira kwambiri.

Nambala imene ine ndimaiopa kuposa zonse ndi SAR, yomwe imayerekeza sodium ndi calcium komanso magnesium. Malangizo omwewo amafuna kuti isapitirire 2. Sodium akachuluka, dothi la makande limamatana, pamwamba pamachita chikhakha cholimba, madzi amaima pa bedi osalowa pansi, ndipo mbande zimalephera kuboola. Mlimi akaona zimenezi amathamangira kuthira feteleza wina, pamene feteleza naye amaonjezera mchere. Chothandiza ndi gypsum, ufa wa mwala wokhala ndi calcium, pamodzi ndi manyowa, koma muyeso wake udziwike mutayezetsanso dothi.

Onaninso chloride ndi boron, amene amawaula nsonga za masamba, makamaka pothirira ndi masipulinkala dzuwa likuswa mtengo. Iron wochuluka amasiya dzimbiri lofiira mu thanki ndipo amatseka timabowo ta mapaipi odontheza madzi.

Madzi a mchere wocheperapo atha kugwirabe ntchito ngati nthaka imalowetsa madzi bwino. Thirirani pafupipafupi, ndipo nthawi zina muonjezere madzi kuti mchere utsike kupyola mizu. Yezetsaninso kumapeto kwa chilimwe komanso mvula ikagwa, popeza madzi a pansi amasintha ndi nyengo.

Pa za malamulo, National Water Act ya mu 1998 imalola kuthirira kadimba ka pakhomo popanda laisensi, koma ulimi wogulitsa umafuna kulembetsa kapena chilolezo cha Department of Water and Sanitation. Ngati pulotiyo ndi yobwereka, pemphani eni ake akuonetseni mapepala a mjigowo musanagule pampu ndi mapaipi.