Kugula ndi kusunga chimanga kuno ku Mzuzu, January asanakupezeni pa walkman

Abale anga, za mitengo sindikuuzani ine, aliyense wadzionera yekha pa msika wa Zigwagwa, ndalama yomwe unkadzaza nayo ndowa pano ukubwerera ndi kajumbo. Nkhondo ya Russia ndi Ukraine itayamba mu 2022 feteleza anakwera, kwacha inagwa ndi 44% mu November 2023, kenako El Niño mu 2024 mpaka boma kulengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi ya njala. Pakamwa napo pachuluka, kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 220,000 mu mzinda uno wokha ndipo ambirife munda tilibe, timadya za pamsika. Ndiye chimanga chigulidwe nthawi yokolola basi.

Musagule nokha. Pezani anzanu anayi kaya asanu odalirika, a kutchalitchi kapena a banki nkhonde, muziponya pang'onopang'ono pa Mpamba kaya Airtel Money kuyambira March, ikafika June July mutume mmodzi kumidzi ya mbali za Ekwendeni kapena Enukweni akagule kwa alimi eniake, thiransipoti mugawana. Atenge sikelo, zoyeza ndi ndowa zija munthu umalira nazo.

Koma pomwe ambiri timagwera ndi pa kuuma. Mzuzu ndi kwa chinyezi, June kumakhala kamvula kowaza ndi nkhungu, chimanga chimaoneka chouma kunja mkati chidakali ndi madzi. Ine chaka china ndinamanga matumba atatu osayesa, kudzatsegula October fungo la chuku lokhalokha njere zitabiriwira, tinangotaya, ngakhale nkhuku sitinapatse poti chuku chimenechi chimawononga chiwindi. Mayi a kunyumba sanandiyankhule sabata yathunthu.

Kuyesa kwake nkosavuta. Tengani botolo lagalasi louma bwinobwino, thiranimo chimanga pang'ono ndi mchere wouma masipuni awiri, tsekani mukhutchumule kwa mphindi imodzi, musiye kanthawi kenako mukhutchumulenso. Mchere ukamata m'mbali mwa botolo chimangacho sichinaume, chiyanikeni pa tenti kapena mphasa osati pa dothi, dzuwa likangozimirira lowetsani. Mchere ukangotsetsereka osamata, mangani.

Matumba abwino ndi a PICS, aja okhala ndi mapulasitiki awiri mkati. Petani kaye, thirani, finyani mpweya utuluke, mumange pulasitiki iliyonse payokha kenako thumba lakunja, anankafumbwe amafera momwemo posowa mpweya osathira mankhwala. Ngati muli ndi matumba wamba ndiye thirani mankhwala a Actellic, motsata muyezo wolembedwa pa paketi, osati kungowaza mwa mtima. Sanjikani pa matabwa, asagunde khoma kapena simenti, nyumba zathu za ku Chibavi ndi Masasa mukuzidziwa mmene pansi pamanyowera mvula ikayamba. Makoswe nawo muwatchere misampha, akaboola pulasitiki ntchito yonse yapita.

Pokagayitsa pangani mgaiwa, kukonola kumachotsa gaga wambiri ndipo thumba limatha msanga, ana amazolowera pakapita masiku atatu. Masiku ena phikani kondowole, ufa wa chinangwa wa ku Nkhata Bay suvuta kupeza kuno. Tsegulani thumba limodzi limodzi, mukatapa mumangenso nthawi yomweyo, ena aja musawakhudze mpaka December.