Mnyamata wanu ali pa mlandu wakupha? Yambirani pa zaka zake

Mwezi watha ndinakumana ndi mayi wina wa ku Jali panja pa ndende yaikulu ya Zomba, atanyamula jumbo ya ufa ndi matemba, akudikira kuti alowe kukaona mwana wake. Ife timapitako ndi gulu la kutchalitchi ndiye nkhope zambiri timazidziwa koma iyi inali yachilendo. Mayiyo anangoti "achimwene, akuti mwana wanga amunyonga." Nditafunsa kuti mwanayo ali ndi zaka zingati anati sakudziwa bwino koma anabadwa chaka cha njala. Ndinafunsanso, njala iti mayi, ya 2002 kapena ya 2005? Anakhala chete. Komatu pa funso limenelo ndi pamene pagona moyo wa mwana uja, chifukwa mlandu unachitika mu 2022, ndiye ngati ndi njala yoyamba ija anali wamkulu wa zaka 20, ngati ndi yachiwiri anali asanakwane 18 ndipo khoti silingamugamule imfa. Ndalemba izi kuti wina amene zamugwera asayambire kolakwika.

Lamulo lili mbali yanu pa nkhani iyi, limvetseni kaye. Penal Code yathu, lamulo la milandu ndi zilango zake, imanena kuti munthu amene anali asanakwanitse zaka 18 pa nthawi imene mlandu unachitika sangapatsidwe chilango cha imfa, ngakhale mlanduwo ukhale woopsa bwanji. Malawi anasainanso pangano la United Nations la ufulu wa ana ndi la mayiko a mu Africa la ufulu wa ana, onsewo amaletsa zomwezo, ndipo mu 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo aakulu a dziko kuti mwana akhale aliyense wosakwana zaka 18, poyamba zinali 16. Koma gwirani mawu awa, pa nthawi imene mlandu unachitika. Si tsiku limene anamangidwa, si tsiku limene akaonekera kwa jaji. Milandu yakupha imaweruzidwa ku High Court ndipo imachedwa, munthu amatha kukhala pa limandi zaka, ndiye kamnyamata kanagwidwa kali ndi zaka 17 kamakaima m'khoti kali ndi ndevu, mawu atakula, ndipo aliyense womuona amangoti uyu ndi bambo. Jaji amaona amene waima patsogolo pake. Ndinu achibale amene muyenera kumuonetsa mwana amene analipo tsiku lija.

Vuto lake ndi loti ambiri a ife tilibe satifiketi yobadwira. Kulembetsa ana mokakamiza kunayamba mochedwa, cha mu 2015, ndiye amene anabadwa zisanafike pamenepo kumudzi ambiri alibe kanthu. Ndipo zaka zimene zimalembedwa pa pepala loyamba munthu akangogwidwa nthawi zina zimakhala zongoyerekeza poona msinkhu, kapena mnyamata mwini ndi mantha amangotchula 19 kapena 20 osadziwa kuti wadzipweteka, enanso amadzikuza dala kuti asaoneke mwana pamaso pa anzake. Nambala imeneyo ikalowa mu fayilo imayenda naye mpaka kumapeto pokhapokha wina aitsutse.

Ndiye bwererani kunyumba lero lomwe mukasake mapepala, musadikire kuti loya akuuzeni. Chinthu choyamba kufuna ndi kabuku ka kusikelo, kaja amalembamo katemera ndi kulemera kwa mwana. Kamakhala ndi tsiku lobadwa lolembedwa mwana ali wakhanda, nthawi imene palibe amene ankaganiza za mlandu, nchifukwa chake kamakhulupirika. Fufuzani m'sutikesi ya agogo, m'thumba la pulasitiki lija amasungamo makadi a feteleza, mkati mwa Baibulo, kaya kang'ambika kaya kadyedwa ndi chiswe bola tsiku likuwerengeka. Kakasowa pitani ku chipatala chimene anabadwira mukapemphe ngati buku la amayi oyembekezera la chaka chimenecho lilipo. Ngati munamubatiza ali khanda pitani ku parishi kapena kwa abusa, mabuku a ubatizo amasungidwa bwino kuposa momwe anthu amaganizira, a Katolika makamaka amalemba tsiku lobadwa ndi la ubatizo lomwe. Kusukulu nakonso, ahedi ali ndi rejisitala yolembera ana olowa Standard 1, ndipo ngati analemba mayeso a Standard 8 a MANEB zaka zake zinalembedwa. Pemphani kalata yodindidwa sitampa ya sukulu, osati ya pamanja chabe.

Pa chiphaso cha unzika chenjerani pang'ono. Pamene boma linkalembetsa anthu mu 2017 ambiri anangotchula chaka chimene chinabwera m'mutu, ndipo achinyamata ena anawonjezera zaka kuti alandire nawo chiphaso. Ngati chiphaso chikunena zina ndipo kabuku ka sikelo kakunena zina, musabise chimodzi, mupatseni loya zonse ziwiri mumufotokozere mmene zinakhalira. Iye akadziwa msanga amadziwa poyambira, koma akakadzidzimuka nazo m'khoti boma litazitulutsa ndiye zavuta. Ndipo chonde chonde musapite kwa anthu okonza mapepala abodza. Pepala limodzi labodza likagwidwa jaji sakhulupiriranso ngakhale enieni aja, ndipo inu muli pa mlandu wanuwanu.

Mapepala akakanika pali anthu. Apa ndi pamene ine ndimakhulupirira kwambiri agogo akumudzi, chifukwa sadziwa deti koma sayiwala chaka. Khalani nawo pansi muwafunse modekha, anabadwa a Muluzi akulamulabe kapena a Bingu atalowa kale mu 2004? Kunali kokolola kapena mvula yoyamba? Anabadwa asanabadwe kapena atabadwa mwana wa aneba uja amene ali ndi kabuku kake? Njira imeneyi ya anzake obadwa nawo limodzi ndi yamphamvu zedi, mukapeza anyamata awiri atatu amene anayamwa nyengo imodzi ndi iye, analowa kusimba chaka chimodzi, ndipo iwowo ali ndi mapepala, mwayandikira. Azamba amene anamulandira ngati ali moyo, angaliba, anakubala, amfumu a m'mudzi, onsewa atha kulumbira kwa loya mawu awo nkulembedwa. Chitani izi msanga, okalamba samadikira khoti, ndaonapo mboni yofunika itamwalira mlandu usanayambe ndipo zinandipweteka mtima kwambiri.

Khoti litha kumutumizanso kuchipatala kuti adokotala ayeze zaka poona mano ndi mafupa. Zimathandiza ngati wangogwidwa kumene, ndiye pemphani kuti zichitike koyambirira. Pakapita zaka zisanu sizinena zambiri, komanso dokotala amangoyerekeza kuti ali pakati pa zaka zakuti ndi zakuti.

Tsopano loya. Musagulitse munda kaye. Legal Aid Bureau ili ndi ofesi mu Zomba muno ndipo ntchito yake ndi kuimira anthu osauka, milandu yakupha ndi imene amaigwira kwambiri. Kundende kumabweranso ma paralegal a bungwe la PASI, anthu othandiza pa za malamulo koma osakhala maloya, amene amacheza ndi akaidi, muuzeni mwana wanu kuti akawaona asachite manyazi, anene kuti "ine ndinali mwana pamene izi zinkachitika." Mukapita kwa loya mawu oyamba akhale a zaka, musayambe ndi kuti mwana wanga ndi wabwino sanalakwe, zimenezo zibwera. Zaka zikadziwika koyambirira zimasintha ngakhale malo omusunga, chifukwa lamulo la ana la 2010 silifuna kuti mwana asakanizidwe ndi akuluakulu, pali malo ngati Chilwa kuno ku Zomba ndi Mpemba ku Blantyre osungirako ana olakwira malamulo. Pangani fotokope ya pepala lililonse katatu, jambulaninso pa foni, enieniwo sungani nokha mpaka loya atawafuna m'khoti. Gulani kope la masamba 40 mulembemo nambala ya mlandu, dzina la loya, tsiku lililonse limene mwapita ndi zimene anakuuzani. Maloya amasinthidwa, mafayilo amasowa, kope lanulo ndi limene lidzatsale. Ndipo muzipita kukafunsa, mwaulemu koma osatopa, loya mmodzi amakhala ndi milandu yambirimbiri ndiye wa phee amaiwalika.

Nanga ngati chigamulo chagwa kale ndipo ali ku kondemu, kumene amasunga ogamulidwa imfa? Musataye mtima, sizinathe. Uzani loya achite apilo ku Supreme Court msanga chifukwa masiku ake ndi owerengeka, ngati apitirira atha kupempha chilolezo chochita apilo mochedwa, ndipo umboni wa zaka utha kuperekedwabe. Zinachitikapo. Mu 2007 pa mlandu wa Kafantayeni khoti linagamula kuti ndi zosemphana ndi malamulo aakulu a dziko kuti aliyense wopezeka wolakwa pa kupha azingopatsidwa imfa popanda jaji kumva za moyo wake. Zinatenga nthawi koma kuyambira 2015 akaidi oposa 150 anamvedwanso konkuno ku Zomba, ma paralegal anayenda m'midzi kufunsa mafumu ndi achibale, ena mafayilo awo anali atasowa kalekale, ena anapezeka kuti anali ana pa nthawi ya mlandu, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anabwezeredwa chilango cha imfa, ambiri anatuluka nkubwerera kwawo. Chimene chinawatulutsa ndi zomwe ndikukuuzanizi, anthu akumudzi okumbukira.

Za kunyonga kwenikweniko ndinene zoona zake, osakunamizani komanso osakuopsezani. Kuno munthu sananyongedwe kuchokera mu 1992, nthawi ya Kamuzu. Kuti munthu anyongedwe pamafunika Pulezidenti asaine, ndipo kuyambira a Muluzi mu 1994 palibe amene wasainapo. Pulezidenti alinso ndi mphamvu yokhululuka kapena kusintha chilango, ndipo mu 2022 a Chakwera anasintha zilango za imfa za akaidi angapo kukhala ukaidi. Koma lamulo likadalipo. Mu April 2021 tonse tinasangalala titamva kuti Supreme Court pa mlandu wa Khoviwa yathetsa chilango cha imfa, koma mu August chaka chomwecho majaji anafotokozanso kuti sichinali chigamulo cha onse, chilango chikadalipo. Taganizani munthu ali m'selo wauzidwa kuti zatha, patapita miyezi inayi akuuzidwa kuti ayi. Ndiye mukamva nkhani pa wailesi kapena pa Facebook musathamangire kukamuuza musanafunse loya.

Ku America ndi kumene timamva za munthu wodikira foni ya khoti maola omaliza kuti kupha kuimitsidwe kaye, ndipo kumeneko anasiya kupha olakwa ali ana mu 2005 pa mlandu wa Roper ndi Simmons, Simmons-yo anali mnyamata amene anapha munthu ali ndi zaka 17. Kwathu kuno kudikira kwake ndi kwa mtundu wina, kulibe tsiku, kulibe ola, ndi zaka zongopita munthu osadziwa. Ngakhale amene wapulumuka chifukwa cha zaka, lamulo limati asungidwe mpaka pamene Pulezidenti adzafunire, ndiye funsani loya kuti nkhani yake izidzaunikidwa liti ndipo ndani, musaganize kuti basi zatha.

Pa kudikirako ntchito yanu ndi kumusunga wamoyo mumtima. Pitani kukamuona ngakhale kamodzi pa mwezi, gawanani ulendo pa banja kuti thiransipoti isagwere munthu mmodzi. Sopo, shuga, mchere, ufa, kandiwo kouma, funsani kaye pa geti zimene zikuloledwa. Muuzeni za kumudzi, mbuzi yabereka, mlongo wake wakhoza mayeso, chimanga chacha bwanji, chifukwa chimene chimawapha anyamatawa ndi kuganiza kuti kwawo anawalira kale maliro. Mukaona kuti wasiya kulankhula, sakugona, akuyankhula zosamveka kapena akunena zodzipha, uzani oyang'anira ndende ndi loya tsiku lomwelo, chipatala cha matenda a maganizo chili mu Zomba momwemuno ndipo khoti limaganiziranso zimenezo. Mudzalandiranso mafoni a anthu onena kuti ndi akuluakulu akukhoti, tumizani ndalama pa foni timutulutse usiku uno. Dulani foniyo. Palibe wa kondemu amene amatuluka pa Mpamba kapena Airtel Money, ndipo mabanja ambiri ataya ndalama ya mbewu mwa njira imeneyi.

Chinthu china chimene achibale amachiopa, banja la womwalirayo. Kuli maliro enieni kumeneko, mayi wina anaika mwana wake m'manda, ndipo kunena kuti wathu anali mwana sikufafaniza zimenezo. Ngati mitima yatsikako, dzerani kwa amfumu ndi ankhoswe mukapepese monga mwa mwambo, koma muuzeni kaye loya, ndipo osakapempha mboni kuti isinthe mawu, umenewo ndi mlandu wina. Tsiku lina mwana wanuyo akadzatuluka adzabwerera m'mudzi womwewo, adzatunga pa mjigo womwewo, ndipo khoti limafuna kudziwa ngati mudzi udzamulandira.

Mayi wa ku Jali uja ndinamuuza kuti asanagule matemba ena akwere kaye kabaza apite kwa amayi ake akafunse za njala ija, kenako ku parishi. Lachiwiri likubwerali tagwirizana kuti tikumane pa depoti 8 koloko tipitire limodzi ku Legal Aid ndi chilichonse chimene wapeza.