Mzinga kapena chiwaya? Momwe mungasiyanitsire mfuti zazikulu zankhondo

Aphunzitsi ndi operekeza alendo mukafika pa nsanja ya wotchi ya Queen Victoria ku Mangochi, pafupi ndi mlatho wa pa Shire, musafulumire kuuza ana kuti chimfuti chili pamenepo ndi chiwaya. Umenewo ndi mzinga wa Hotchkiss, wochokera pa sitima yankhondo ya Angerezi yotchedwa Guendolen. Sitimayi ndi imene mu Ogasiti 1914 inakathira moto sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, ili pamtunda ikukonzedwa ku Sphinxhaven, komwe lero ndi Liuli ku Tanzania.

Poyamba yang'anani kumene chipolopolo chimalowera. Mzinga umatsekulidwa kumbuyo, msilikali n'kulowetsa chipolopolo chimodzi ndi manja, kutseka, kuwomba, kenako n'kuyambiranso. Chiwaya chili ndi khomo m'mbali lolowera lamba wa zipolopolo, ndipo chimadzidyetsa chokha. Nzeru imeneyi anaibweretsa ndi Hiram Maxim mu 1884: mphamvu imene imakankha mfuti chambuyo ikalira ndi yomwe imalavula chikhungwa chatha, kukoka lamba ndi kulowetsa chipolopolo china. Ikayamba kulira mumangomva thethethe ngati chimanga chikuphulika pa chiwaya, n'chifukwa chake makolo athu nkhondo ya 1914 mpaka 1918 ankaitcha ya Chiwaya.

Kenako yang'anani mpope. Pa zithunzi za asilikali a King's African Rifles, gulu la asilikali a mu Africa limene linkamenyera nkhondo Angerezi, mukaona mfuti yooneka ngati ili ndi mpope wonenepa ngati mtondo waung'ono, dziwani kuti umenewo si mpope weniweni, ndi thanki ya madzi. Mpope wake ndi wowonda ndipo wagona m'katimo. Apa ndi pamene pali nkhani yonse ya mfuti zimenezi, chifukwa mdani wamkulu wa chiwaya ndi kutentha. Tengani Vickers, imene Angerezi anayamba kugwiritsa ntchito mu 1912. Inkawomba zipolopolo 450 mpaka 500 pa mphindi, thanki yake inkalowa madzi opitirira pang'ono malita 4, ndipo ikawomba zipolopolo pafupifupi 600 mosapumira madziwo ankawira. Nthunzi ikatuluka poyera inkaulula pobisalira, choncho ankalumikiza paipi yopita m'chigubu, nthunzi n'kusandukanso madzi oti abwezeremo. Madzi akauma mpope unkapsa, zipolopolo n'kumangopita kuthengo. Ngakhale itasamalidwa bwino, mpope ankausintha ukakwanitsa zipolopolo pafupifupi 10,000.

Lamba nayenso anali ndi zovuta zake. Anali wansalu, wa zipolopolo 250. M'dzinja nsalu ikanyowa inkafufuma n'kugwira zipolopolo mwamphamvu, mfuti n'kutsamwa. Chipolopolo chimodzi chikalowa mokhota pa lamba, kapena fumbi likasakanikirana ndi mafuta m'kati, zotsatira zake zinali zomwezo. Msilikali mumamuona atagwada pambali pa wowomba uja sankangoonerera, ankaonetsetsa kuti lamba akulowa mowongoka.

Powerenga chithunzi muwerengenso anthu. Mfuti ili ndi madzi inkalemera makilogalamu pafupifupi 18, miyendo yake itatu kupitirira 20, ndipo bokosi la lamba mmodzi cha m'ma 10. Lamba mmodziyo ankatha m'kanthawi kosakwana mphindi. Gulu la mfuti imodzi linkakhala la anthu 6 mpaka 8, koma kuno misewu yoti galimoto n'kudutsa inali yochepa, katundu wambiri ankayenda pa mitu ya amtengatenga. Ana auzeni zimenezi, poti zithunzi zambiri zimaonetsa wowomba yekha, osati anthu a m'midzi amene anasenza mabokosiwo kupita kumpoto, kumene nkhondo inafika pa Karonga mu Seputembala 1914.

Ntchito ya mfuti yotere sinali kusaka munthu mmodzimmodzi. Ankaikhazika pamalo amodzi kuti itseke njira, doko kapena chigwa, ndipo ziwiri zikaikidwa mbali zosiyana moto wake unkapingasana. Kuthamangira malo oterowo poyera kunali kudzipereka.

Kale mfuti ngati Vickers zinkatchedwa chiwaya cholemera, koma mawuwa anadzasintha tanthauzo. Masiku ano amayang'ana kukula kwa chipolopolo, kuyambira mamilimita 12.7, pomwe cha Vickers chinali 7.7 basi. Ziwiri zotchuka ndi Browning M2 ya ku America, ya mu 1933, ndi DShK ya ku Soviet Union, ya mu 1938. Zonsezi, monga zimaonekera kwambiri lero, zilibe thanki, zimazizira ndi mphepo. M2 mudzaidziwa ndi thupi lake lalitali la makona anayi ndi mpope wosalala wochindikala. Yokha imalemera makilogalamu 38. DShK mpope wake uli ndi mizeramizera yotulutsira kutentha, ndipo kukamwa kuli chitsulo chotambalala chochepetsa kukankha. Izi zimaboola galimoto zankhondo zopyapyala ndi kuwomba ndege zouluka motsika, n'chifukwa chake zimakhala pamwamba pa galimoto kapena pa maboti.

Mukamaliza pa wotchi, lowani mu Lake Malawi Museum, ili chapafupi pomwepo, mukaone za Guendolen. Ana asamakwere pa mzingawo kapena kuponya miyala m'kamwa mwake. Ndipo wina akafukula chipolopolo chakale polima, asachigogode kapena kuchiika pamoto poyesa kuona ngati n'chakufa; onga umatha kukhala wamoyo zaka zambiri. Achisiye pomwepo, aike chizindikiro, akauze apolisi.