Kupanga timu ya kwizi pa sekondale: mmene ine ndimachitira

Ndakhala patironi wa kalabu ya kwizi pa CDSS ina yake kwa zaka zingapo ndithu, nde aphunzitsi anzanga amakonda kundifunsa kuti kodi ana anuwa mumawapatsa chani pomwe laibulale yanu ndi kabati imodzi basi. Palibe mankhwala ayi. Ndingofotokoza zomwe timachita, wina atolepo zomwe zingamuthandize.

Ambirife timalakwitsa poyambira penipeni. Kalata ikangofika yoti kuli mpikisano Loweruka likubwerali, a hedi amakuitanirani ku ofesi, inu nkungotenga zotsatira za mayeso a teremu yatha, kutola nambala wani mpaka folo, basi timu yatheka. Ine ndinachita zomwezo chaka changa choyamba ndipo tinabwerako ndi manyazi okhaokha. Mtsikana amene ankaposa aliyense pasukulu, wofunsa atangoti masekondi 10 ayambika, anangoti kakasi maso kudenga, yankho akulidziwa bwinobwino, anadzalitchula tili mu minibasi pobwerera misozi ili mbwembwembwe. Pa mayeso mwana amakhala ndi maola awiri ndi pepala lake yekha. Pa kwizi amakhala ndi timasekondi tochepa, holo yodzadza ndi ana a sukulu ina akumukuwiza, komanso wofunsa woyankhula chizungu chomwe khutu lake silinazolowere. Choncho musasankhe ndi ma ripoti okha.

Lengezani pa asembule kuti aliyense wofuna abwere, Fomu 1 mpaka Fomu 4, mukhale nawo m'kalasi imodzi nkuwaponyera mafunso apakamwa 30 kapena 40 mwachangu, osakaniza. Mudzadabwa. Kamnyamata kaphokoso kokhala kumbuyo komwe kamadziwa osewera onse a Flames ndi a Big Bullets, kamene kamamvera nkhani pa wailesi ya agogo ake tsiku lililonse, kameneko nkofunika zedi. Palinso aja amawerenga chilichonse chomwe chawagwera m'manja, ngakhale nyuzi yokulungira tchipisi. Tengani ana 8 kapena 10 ngakhale pampikisano pamakhala atatu kapena anayi, chifukwa tsiku lake lenileni wina adzadwala malungo, wina adzapita kumaliro, izi sizilephera.

Msana wa timu ukhale Fomu 3 ndi Fomu 1. A Fomu 2 ndi a Fomu 4 ali ndi MANEB pakhosi, JCE ndi MSCE, teremu yachitatu ikangolowa simuwaonanso ndipo simungawadzudzule. Atsikana akhalemo, komatu pamenepa pamafunika patironi ayende. Pa sukulu yoyendera mtsikana akachedwa kuweruka kunyumba amakafika ntchito ikumudikira ndi mafunso oti unali kuti, nde ndi bwino kulemba kakalata kapena kukaonana ndi makolo nkuwauza kuti Lachitatu ndi Lachisanu mwana azichedwa ndi ola limodzi.

Mukawapeza agawireni minda. Wina sayansi ndi masamu, wina histore ndi jogalafe, wina chizungu ndi Chichewa kuphatikizapo miyambi ndi zining'a, wina nkhani zomwe zikuchitika panopa ndi zamasewero. Aliyense azidziwako za mnzake koma munda wake aulime mpaka kumalire. Mugule hadikava imodzi yaikulu, ndiye chuma cha kalabu chimenecho. Sabata iliyonse mwana aliyense abweretse mafunso 10 a m'munda mwake, yankho lake, ndi komwe walipeza, buku lanji tsamba lanji kapena wailesi iti tsiku liti. Inu muzichonga musanalole kuti zilowe mu hadikava, chifukwa ana amatha kubwera ndi zomwe anamva kwa amalume ku bawo. Wa nkhani uja azimvera MBC kapena Zodiak madzulo nkulemba mitu itatu, ndipo nyuzi zakale za mu sitafu rumu, The Nation kaya Daily Times, musamayatsire mbaula, mpatseni iyeyo.

Tsopano apa ndi pomwe ndimathera nthawi yambiri, mafunso amapasa. Ofunsa kwizi amakonda zinthu ziwiri zofanana nkhope, nde mwana woloweza mwachisawawa amagwa nazo. Malawi analandira ufulu wodzilamulira pa 6 July 1964, koma anakhala ripabuliki pa 6 July 1966, tsiku lomwelo chaka china. Mnyamata wanga wina anangomva mawu oti 6 July nkukuwa 1964 wofunsa asanamalize, pomwe funso linali la ripabuliki, mapointi nkupita kwa anzathu. Riferendamu yosankha zipani zambiri inali pa 14 June 1993, chisankho chomwe Bakili Muluzi anapambana chinali pa 17 May 1994. Tchuthi cha John Chilembwe timachita pa 15 January koma kuukira kwake kunayamba pa 23 January 1915. Tsiku la Ofera dziko ndi 3 March, kukumbukira za 1959, pomwe la Kamuzu ndi 14 May. Likulu linachoka ku Zomba kupita ku Lilongwe mu 1975, koma ana ambiri ukawafunsa likulu lakale amathamangira Blantyre. Phiri ndi Mulanje, nsonga yake ndi Sapitwa, mamita 3,002, nde mwana amve kaye ngati akufunsa phiri kapena nsonga. Mbendera inasinthidwa mu 2010 nthawi ya Bingu wa Mutharika nkubwezedwa yakale mu 2012 Joyce Banda atalowa. Za UNESCO nazo, Lake Malawi National Park inalowa pa mndandanda wawo wa malo ofunika kutetezedwa padziko lonse mu 1984, zojambula za pamiyala za ku Chongoni mu 2006. Ife timazilemba ziwiriziwiri pa tsamba limodzi, kumanzere ndi kumanja, ndipo pofunsana timadumphadumpha dala kuti khutu lizolowere kudikira mawu omaliza a funso.

Zomwezi mupange ku sayansi, mitosis ndi meiosis, artery ndi vein, mass ndi weight. Ndipo kamawu kaja koti NOT kapena EXCEPT kamadya ana ambiri kuposa funso lovuta lililonse.

Pulakatisi ikhale ngati tsiku lenilenilo. Mabenchi awiri moyang'anizana, foni yanu ikhale wotchi, wina azilemba mapointi pa bolodi. Belu tilibe ife, timagwiritsa botolo la Fanta ndi sipuni, mbali inayo amamenya desiki. Nthawi ikatha yatha, musamve chisoni, olo mwana atakhala kuti watsegula kale pakamwa. Poyamba amakwiya nanu koma pakatha masabata atatu amakhala atasintha. Muzisinthanso wofunsa, lero inu, mawa aphunzitsi a Bayoloje oyankhula mothamanga aja, tsiku lina abusa kapena a nesi a pa chipatala chapafupi ngati angalole, kuti ana amve chizungu cha pakamwa posiyanasiyana. Kamodzi pa teremu timapanga gemu ya ana ndi aphunzitsi pamaso pa sukulu yonse, phokoso lake ngati ku bwalo la mpira, ndipo ndikuuzeni aphunzitsi amaluza kawirikawiri pa za current affairs kkkk. Mwana amene wayankhapo anzake 300 akumuseka sadzanjenjemeranso ku holo ya eni.

Aphunzitseni kuyankha mokweza ndi mwachidule. Yankho ndi Shire, anene Shire basi, osayamba ndi I think kapena the answer is maybe, nthawi ikuthera pomwepo. Kaputeni asakhale wanzeru kwambiri ayi, akhale wodekha, amene amadziwa kuti funso ili ndi la munda wa uje nkumutembenukira msanga. Ndipo wina akalakwitsa palibe kumuyang'ana ndi diso loipa, funso lotsatira likubwera kale.

Malamulo amasiyana mpikisano ndi mpikisano, nde afunseni okonza sabata isanakwane. Kodi mukalakwa amachotsa mapointi kapena funso limangopita kwa anzanu ngati bonasi? Kodi kunong'onezana nkololedwa? Masekondi ndi angati? Ngati sachotsa, ana aziponya yankho lililonse lomwe lawabwerera osangokhala chete. Ngati amachotsa, aphunzire kunena pass opanda manyazi.

Za ndalama, musadikire tsiku latsala limodzi. Lembani bajeti yaing'ono, thiransipoti ndi chakudya, mupereke kwa a hedi ndi a komiti ya makolo teremu ikamayamba. Zikavuta yambani ndi sukulu yoyandikana nayo yomwe mutha kupitako wapansi kapena pa kabaza, ma frendile amenewa ndi aulere ndipo amaphunzitsa kwambiri. Ngati muli atsikana mu timu, papite mphunzitsi wamkazi. Ana adye kanthu m'mawa, olo tiyi ndi mbatata, chifukwa mipikisanoyi amati 9 koloko koma imayamba 11, mwana wanjala mutu suyenda. Usiku woti mawa ndi mpikisano musawapanikizenso ndi zatsopano, agone.

Mukanyamuka tengani mabuku awiri atatu a silabasi mu chikwama. Zimachitika ndithu kuti wofunsa ali ndi yankho lolakwika pa pepala lake, ife zinatichitikirapo pa funso la maboma, mwana wati 28 iwo akuti 24 chifukwa anakopera m'buku lakalekale. Zikatero mwana asatsutsane ndi akuluakulu, kaputeni angokweza dzanja mwaulemu, inu patironi ndi amene mupite ku tebulo la majaji ndi buku lotsegula kale pa tsamba lake. Komanso mwana mmodzi wa rizevu akhale pansi ndi kope nkumalemba funso lililonse lomwe lafunsidwa tsikulo, la ife ndi la sukulu zina zomwe, pakuti ofunsawa amabwereza kwambiri chaka ndi chaka. Lolemba mafunso amenewo alowe mu hadikava, ndipo a Fomu 4 akamatsanzika hadikavayo aisiye m'manja mwa wa Fomu 3 pamaso panu, asapite nayo kwawo ngati mmene anandichitira wina ndikuyifunabe mpaka lero.